Zomwe zimachititsa kuti mankhwala ena afike mu ubongo, ena n'kuthera panjira

Aliyense amene anamwapo Piriton amadziwa zomwe zimatsatira. Chimfine kapena kuyabwa kumachepa, koma zikope zimalemera, ndipo dalaivala amauzidwa kuti asagwire chiwongolero. Cetirizine amagwira ntchito yomweyo yotsekereza histamine, koma ambiri omwe amamwa amapitiriza ntchito zawo bwinobwino. Histamine amene amayabwitsa khungu ndi yemweyonso amathandiza ubongo kukhala maso. Chlorphenamine, yemwe ali mu Piriton, amalowa mu ubongo mosavuta n'kukatseka histamine wa kumeneko, munthu n'kuyamba kusinza. Cetirizine amalowako pang'ono chabe.

Kulowa mu ubongo ndi mwayi wa mankhwala ochepa. William Pardridge wa ku yunivesite ya California ku Los Angeles, yemwe wathera zaka zambiri pa nkhaniyi, anawerengera kuti mankhwala 98 mwa 100 aliwonse a mamolekyulu ang'onoang'ono safika mu ubongo pa mlingo wothandiza, ndipo a mamolekyulu akuluakulu pafupifupi onse safikako. Wopanga mankhwala a khunyu kapena a matenda a maganizo amalimbana ndi kuwalowetsa. Wopanga mankhwala a m'mimba kapena a ziwengo amalimbana ndi kuwasiya kunja. Onse awiri amasewera ndi zinthu zomwezo: kukula kwa molekyulu, kukonda kwake mafuta kapena madzi, chaji ya magetsi yomwe yanyamula, ndi ngati mapampu a m'mitsempha amaizindikira.

Zinayamba kudziwika chifukwa cha utoto. M'zaka za m'ma 1880, Paul Ehrlich wa ku Germany ankabaya nyama utoto m'mitsempha ya magazi. Akazitumbula ankapeza chiwindi, impso ndi ziwalo zina zitasintha mtundu, ubongo uli mbee ngati kale. Iye anangoti ubongo sugwira utoto. Wophunzira wake, Edwin Goldmann, anatembenuza kuyesako mu 1913. Anabaya utoto wa trypan blue m'madzi ozungulira ubongo ndi msana, ndipo ulendo uno ubongo unasanduka wabuluu, thupi lonse osasintha. Apa zinaoneka kuti ubongo umagwira utoto bwinobwino, kungoti utotowo sunkatha kutuluka m'mitsempha. Chomwe chinkautsekereza chinadzaoneka ndi maso mu 1967, pamene Thomas Reese ndi Morris Karnovsky ku America anayang'ana timitsempha ta mu ubongo wa mbewa ndi maikulosikopu yamphamvu ya elekitironi.

M'ziwalo zambiri, maselo omwe amapanga khoma la timitsempha ting'onoting'ono amasiya mipata pakati pawo, ndipo m'chiwindi muli ngakhale timabowo tenitenito. Mankhwala amangodutsa m'mipatamo limodzi ndi madzi. Mu ubongo maselo amenewa anamatirirana ndi mapuloteni moti palibe podutsa. Timitsempha timeneti titalumikizidwa tingatalike makilomita pafupifupi 600, ndipo kutalika konseko n'komata chonchi, kupatula timalo tochepa monga kamalo kamene kamayambitsa kusanza, komwe kayenera kulawa magazi kuti kadziwe ngati munthu wadya poizoni. Choncho chinthu chofuna kulowa chiyenera kuboola selo lenilenilo, kulowa mbali ya magazi n'kutulukira mbali ya ubongo. Ndipo kachikopa kokuta selo kanapangidwa ndi mafuta.

Pamenepa ndi pomwe pagona mutu wa nkhani. Chinthu chosungunuka m'mafuta chimadutsa kachikopako, chosungunuka m'madzi okha chimabwerera. Hans Meyer mu 1899 ndi Charles Overton mu 1901, aliyense payekha, anaona kuti mphamvu ya mankhwala ogonetsa imayenderana ndi momwe amasungunukira m'mafuta a olivi. Overton ankayesa pa mbululu, kuthira mankhwala m'madzi n'kuona mlingo womwe mbululuzo zasiyira kusambira. Masiku ano m'malo mwa olivi amagwiritsa ntchito octanol. Amathira octanol ndi madzi m'botolo limodzi, n'kuikamo mankhwala, n'kukhutchumula, kenako n'kuyeza kuti ochuluka apita mbali iti. Zotsatira zake amazilemba ngati nambala yotchedwa logP. Ikakhala 0, mankhwala agawikana mofanana. Ikakhala 1, mbali ya mafuta yachulukira ka 10. Ikakhala 2, ka 100.

Munthu angaganize kuti ndiye tingowonjezera mafuta mpaka kalekale. M'zaka za m'ma 1960, Corwin Hansch wa ku Pomona College ku California anasonyeza kuti sizitero. Pa mankhwala ogonetsa omwe anawaunika, mphamvu inkakwera mpaka logP itafika pafupifupi 2, kenako n'kuyamba kutsika. Zifukwa zake n'zomveka. Molekyulu yamafuta kwambiri siisungunuka bwino m'matumbo. Ikalowa m'magazi imakakamira ku puloteni ya albumin, ndipo yomangidwa chonchi siyenda, imadutsa ndi yomasuka yokha. Chiwindi chimaiphwanya msanga. Ndipo ikalowa mu ubongo, womwe nawo ndi wamafuta ambiri, imangomatirira paliponse osafika pomwe imafunika. Mbali yomalizayi inapusitsa ofufuza kwa nthawi yaitali. Ankapera ubongo wa khoswe, n'kupezamo mankhwala ambiri, n'kusangalala, chonsecho mankhwalawo ali omangika m'mafuta, osagwira ntchito iliyonse. Tsopano chomwe amayeza ndi mankhwala omasuka a mu ubongo poyerekeza ndi omasuka a m'magazi.

Diazepam amasonyeza ubwino ndi kuipa kwa mafuta nthawi imodzi. Mwana wa malungo aakulu akamaphupha, anamwino amamupatsa diazepam mumtsempha kapena kumatako, ndipo kuphuphako kumaleka m'mphindi zochepa, chifukwa mankhwalawa amalowa mu ubongo ngati palibe chotchinga. Koma mmene amalowera msanga ndi mmenenso amatulukira, kupita kukabisala m'mafuta ndi m'minofu ya thupi lonse. Pasanathe ola kuphupha kungabwerere, mankhwala akadali tho m'thupi. N'chifukwa chake madokotala amatsatiza ena ochedwa kulowa koma okhalitsa, monga phenobarbital. Efavirenz, yemwe anali m'ma ARV a 5A omwe ambiri ankamwa kuno ku Malawi dziko lisanayambe kusamukira ku dolutegravir mu 2019, nayenso ndi wamafuta. Maloto oopsa ndi chizungulire chomwe anthu ankadandaula m'masabata oyamba chinali chizindikiro choti wafika mu ubongo, ndipo malangizo oti azimwedwa usiku pokagona ankachokera pamenepo.

Pali chinthu china chomwe ndimaona kuti chimafotokoza zambiri kuposa logP, ngakhale sichitchulidwa kawirikawiri kunja kwa malabotale. Molekyulu ya mankhwala ikakhala m'magazi siikhala yokha. Paliponse pomwe ili ndi atomu ya okosijeni kapena naitrojeni, makamaka yogwirana ndi haidrojeni, mamolekyulu a madzi amakakamirapo ngati mmene njere za chisoso zimakakamirira pa thalauza la munthu wodutsa m'tchire. Kuti ilowe m'mafuta a kachikopa ka selo, iyenera kuyamba yathothola madzi onsewo, ndipo kuthothola kulikonse kumadya mphamvu. Malo okakamira akachuluka, molekyulu imatsala m'magazi.

Morphine ali ndi malo awiri otere, timagulu tiwiri ta okosijeni ndi haidrojeni. Mukatiphimba tonse ndi timagulu ta acetyl mumapeza heroin, yemwe kampani ya Bayer inayamba kugulitsa mu 1898 ngati mankhwala a chifuwa. Heroin ndi wamkulu kuposa morphine, madalton 369 pomwe morphine ndi 285 (dalton ndi muyezo wa kulemera kwa molekyulu), koma amathamangira mu ubongo mwachangu kwambiri. William Oldendorf anayeza zimenezi mu 1972 pobaya makoswe mumtsempha wa pakhosi: magazi atadutsa kamodzi kokha mu ubongo, gawo lalikulu la heroin linali litalowa, la codeine locheperapo, la morphine losaoneka n'komwe bwino. Akalowa, michere ya m'thupi imachotsa timagulu tophimba tija, ndipo chomwe chimagwira ntchito pomaliza ndi morphine yemweyo ndi m'bale wake wapafupi. Kuopsa kwapadera kwa heroin kwagona pa liwiro lolowerali.

Akatswiri amaphatikiza malo onse okonda madzi a pa molekyulu n'kupeza kukula kwake, komwe amakuyeza m'masikweya angstrom. Mankhwala ambiri ofika mu ubongo sapitirira 90, ndipo abwino kwambiri amakhala pansi pa 70. Za kulemera, malire omwe amatchulidwa ndi madalton 400 mpaka 500. Caffeine ndi 194, nicotine 162, mowa 46 yokha. N'zosadabwitsa kuti zitatuzi sizichedwa kumveka m'mutu.

Chaji ndiyo imatseka khomo kotheratu. Hyoscine, yemwe amapezeka m'zomera za mtundu wa Datura, amasokoneza mutu, kuiwalitsa ndi kuonetsa zinthu zomwe palibe. Koma Buscopan, yemwe anthu amamwa m'mimba mukamapota, ndi hyoscine yemweyo atamumangirira kagulu kena pa naitrojeni wake. Kaguluko kamapatsa naitrojeniyo chaji yosachoka, ndipo molekyulu yachaji siingalowe m'mafuta. Mankhwalawo amamasula matumbo, mutu osaukhudza. Chodabwitsa n'chakuti mankhwala ambiri a ubongo, monga amitriptyline ndi chlorpromazine, nawonso ali ndi naitrojeni wonyamula chaji. Kusiyana kwake n'kwakuti chaji yawo imabwera n'kuchoka. Pa pH (muyezo wa asidi) 7.4 ya magazi, ambiri mwa mamolekyulu awo amakhala achaji, koma kagawo kochepa kamakhala kopanda, ndipo kagawo kameneka kakadutsa, ena otsala amataya chaji n'kulowa m'malo mwake. Ma asidi ndiwo amavutika. Cetirizine uja ali ndi kagulu ka asidi komwe chlorphenamine alibe, ndipo anachokera ku hydroxyzine, mankhwala ogonetsa ndithu, pongosintha nsonga imodzi kukhala asidi.

Nanga shuga, yemwe ndi wokonda madzi kotheratu, amafika bwanji, poti ubongo sungathe mphindi zingapo popanda iye? Maselo a khomali ali ndi mapuloteni onyamula zakudya, lililonse ndi katundu wake: lina la shuga, lina la ma amino asidi akuluakulu, lina la ayironi. Mankhwala ofanana ndi chakudya angakwere nawo. Odwala matenda a Parkinson amasowa dopamine mu ubongo, koma kuwabaya dopamine sikuthandiza, chifukwa salowa. Levodopa ndi wamkulu kuposa dopamine ndiponso wokonda madzi kwambiri, moti pa malamulo onse tatchulawa sayenera kulowa. Koma maonekedwe ake ndi a amino asidi, ndipo puloteni yotchedwa LAT1 imamunyamula. Mkatimo amasandulika dopamine. Arvid Carlsson wa ku Sweden anasonyeza zimenezi pa akalulu mu 1957, ndipo George Cotzias ku New York anazifikitsa kwa odwala mu 1967. Piritsi lake amaikamonso carbidopa, yemwe amaletsa levodopa kusandulika akadali m'magazi. Carbidopa anasankhidwa dala chifukwa choti iyeyo salowa mu ubongo. Atalowa akanaletsanso kusandulika komwe kukufunikako. Ndipo poti wonyamula ndi mmodzi, odwala ena amaona kuti akadya nyama kapena nyemba zambiri mankhwala amafooka, chifukwa ma amino asidi a m'chakudyacho akulimbirana malo ndi levodopa.

Mapuloteni ena amagwira ntchito yotulutsa. Lodziwika kwambiri ndi P-glycoprotein, lomwe Rudy Juliano ndi Victor Ling analipeza ku Canada mu 1976 m'maselo osamva mankhwala. Limakhala pa kachikopa koyang'ana magazi, ndipo molekyulu ikangoyamba kulowa, limaigwira n'kuibwezera m'magazi. Kukula kwa ntchito yake kunadziwika mwangozi. Mu 1994, Alfred Schinkel ndi anzake ku Netherlands Cancer Institute analengeza za mbewa zomwe anazichotsa jini ya pampu imeneyi. Mbewazo zinkaoneka zabwinobwino mpaka tsiku lomwe zinapoperedwa ivermectin wopha nthata. Zopanda pampu zinafa, zinzake osamva kanthu, ndipo mu ubongo wa mbewa zopanda pampu munapezeka ivermectin wochuluka pafupifupi ka 100. Agalu ambiri a mtundu wa collie amabadwa ndi vuto lomweli, n'chifukwa chake madokotala a ziweto amasamala nawo. Ivermectin yemweyu wakhala akugawidwa kwa anthu ambirimbiri ku Thyolo, Mulanje ndi maboma oyandikana nawo polimbana ndi njoka za m'thupi zoyambitsa kuyabwa ndi kusaona. Kuti mankhwala opuwalitsa mitsempha ya njoka amwedwe ndi mudzi wonse popanda vuto, mbali yaikulu ndi ntchito ya pampu imeneyi.

Loperamide, wa matenda otsegula m'mimba, ndi wa banja la morphine ndipo ndi wamafuta kwambiri. Pa logP yekha akanayenera kuledzeretsa. P-glycoprotein imamubweza, ndiye amangogwira matumbo. Ofufuza atapatsa anthu loperamide pamodzi ndi quinidine, m'bale wake wa kwinini yemwe amafoola pampuyi, kupuma kwawo kunayamba kutsika monga zimachitikira ndi morphine. Vuto kwa opanga mankhwala n'lakuti zomwe zimakopa pampu zimafanana ndi zomwe amawonjezera pofuna mphamvu: molekyulu yokulirapo, yamafuta, yokhala ndi malo angapo okakamira madzi. Ukakonza mbali ino, mbali inayo yawonongeka.

Makampani anayesa kusonkhanitsa zonsezi kukhala malamulo. Christopher Lipinski wa ku Pfizer anatulutsa ake mu 1997 okhudza mankhwala akumwa, ndipo mu 2010 Travis Wager ndi anzake a kampani yomweyo anapanga njira yopatsa molekyulu malikisi pa zinthu 6, m'malo moikana chifukwa cholephera chimodzi. Njira yachiwiriyi ndi yanzeru, chifukwa manambala onsewa anatengedwa poyang'ana mankhwala omwe analipo kale. Amanena za chizolowezi, ndipo ophwanya chizolowezicho alipo.

Matenda oumitsa khosi ndi pomwe izi zimaonekera pa bedi la wodwala. Pa mankhwala a TB, isoniazid ndi pyrazinamide ndi ang'onoang'ono, madalton 137 ndi 123, ndipo amafika m'madzi a mu ubongo pafupifupi mofanana ndi m'magazi. Rifampicin, yemwe ndi msana wa chithandizo cha TB, ndi 823, womangika ku mapuloteni ndiponso wodziwika kwa pampu, moti amafikako kagawo kochepa. Penicillin ndi ceftriaxone salowa bwino mu ubongo wa munthu wathanzi, koma kutupa komwe matendawa amabweretsa kumamasula khoma pang'ono, ndipo madokotala amapereka mlingo waukulu osautsitsa ngakhale wodwala ayambe kupeza bwino, podziwa kuti khoma likutsekekanso. Pa fangasi wa cryptococcus, yemwe wapha anthu ambiri okhala ndi HIV m'chigawo chino, fluconazole ndi flucytosine amalowa mosavuta, pomwe itraconazole, m'bale wa fluconazole wolemera kuposa kawiri, safika. Koma amphotericin B, wa madalton 924, yemwe m'madzi opopedwa pamsana sapezeka n'komwe bwino, ndi amene amapha fangasiyu mwachangu kuposa onse. Kafukufuku wa AMBITION, yemwe anachitika ku Malawi, Botswana, South Africa, Uganda ndi Zimbabwe n'kusindikizidwa mu 2022, anasonyeza kuti dripi imodzi yokha ya amphotericin wokutidwa m'timatumba tamafuta, limodzi ndi mapiritsi a fluconazole ndi flucytosine kwa masabata awiri, ikukwanira. Madzi a pamsana ndi osavuta kuyeza, koma sanena zonse za zomwe zili m'minofu yodwalayo.

Kaodzera ndi matenda omwe mbiri yake yonse ya chithandizo inazungulira pa khoma limeneli. Tizilombo tomwe ntchentche ya kashembe imasiya poluma timayamba tili m'magazi, kenako timawolokera mu ubongo, ndipo mtundu wa rhodesiense womwe umapezeka kufupi ndi nkhalango za Nkhotakota ndi Vwaza umachita zimenezi m'masabata ochepa. Suramin, yemwe Bayer inamupanga m'zaka za m'ma 1910 kuchokera ku banja la utoto womwe Goldmann anagwiritsa ntchito uja, amapha tizilomboti m'magazi. Koma amalemera madalton oposa 1,200 ndipo wanyamula chaji m'malo 6. Monga utoto womwe anachokerako, mu ubongo salowa. Choncho wodwala aliyense ankayamba wapopedwa madzi a pamsana kuti adziwe ngati tizilombo tawoloka. Ngati tawoloka, chotsala chinali melarsoprol.

Melarsoprol anapangidwa ndi Ernst Friedheim ndipo anayamba kugwiritsidwa ntchito mu 1949. Ndi aseniki womangiriridwa ku kagulu komwe kamamupangitsa kukonda mafuta. M'madzi sasungunuka, ndiye amamusungunula mu propylene glycol, ndipo jekeseni yake imawotcha mtsempha. Amalowa mu ubongo kagawo kochepa, kokwanira kupha tizilombo, koma odwala 5 mpaka 10 mwa 100 aliwonse ubongo wawo umatupa koopsa, ndipo pafupifupi theka la amenewa amamwalira. Kwa zaka zoposa 70, dokotala wa ku Rumphi kapena ku Nkhotakota analibe china chopereka kwa wodwala yemwe tizilombo tafika kumutu, chifukwa popanda chithandizo imfa inali yosapeweka.

Fexinidazole ndi molekyulu ya madalton 279, yopanda chaji yokhazikika, yamafuta pang'ono. Kampani ya Hoechst inaipanga m'zaka za m'ma 1970 n'kuisiya, mpaka bungwe la DNDi, lofufuza mankhwala a matenda onyalanyazidwa, linadzaifukula pofufuza m'mankhwala akale omwe anaiwalika. Chiwindi chimaisandutsa mamolekyulu ena awiri omwe nawonso amapha tizilombo ndipo amafika mu ubongo. Atayamba kugwiritsidwa ntchito pa kaodzera wa kumadzulo ndi pakati pa Africa, anayesedwa pa mtundu wa rhodesiense pa chipatala cha boma cha Rumphi ndi cha Lwala ku Uganda. Bungwe loona za mankhwala ku Ulaya linavomereza zotsatirazo mu Disembala 2023, ndipo mu 2024 WHO inalangiza kuti akhale mankhwala oyamba kwa odwala a zaka 6 kupita m'tsogolo olemera makilogalamu 20 kapena kuposa. Ndi mapiritsi omwedwa kamodzi pa tsiku kwa masiku 10, ndipo ayenera kumwedwa munthu atadya chakudya chokwanira, chifukwa pamimba yopanda kanthu salowa bwino m'magazi ndipo mlingo wofika mu ubongo umaperewera. Ana ochepera zaka 6 kapena osafika makilogalamu 20 akadali pa suramin ndi melarsoprol.